Mwapatsidwa udindo wa matenda a maganizo pa kiliniki ya mu Lusaka: yambirani apa

Anzathu atsopano akamaliza maphunziro m'masukulu a zaumoyo a Chainama kapena Levy Mwanawasa n'kutumizidwa m'makiliniki, funso limene amanditumizira pa WhatsApp ndi limodzimodzi: "Andiuza kuti za matenda a maganizo pano ndi zanga, koma chipinda ndilibe, mankhwala sindikuwaona, odwalanso sakubwera. Ndiyambire pati?" Ena ofunsa sanaphunzire n'komwe za nthambi imeneyi. Ndi manesi ndi ma clinical officer a ku OPD (kumene amaonera odwala osagonekedwa) amene a in-charge anangowaloza pa msonkhano wa m'mawa. Ndalemba yankho kamodzi kuti wofunsa aliyense ndizimutumizira lomweli. Ndikunena za makiliniki a m'komboni monga Kalingalinga, Mtendere, George ndi Bauleni, komanso zipatala za Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama.

Musanawerenge zina, dziwani kuti ntchito yanu si kulemba makalata otumiza anthu ku Chainama, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo. Chipatala chija chinatsegulidwa mu 1962, ndipo chimalandira odwala ochokera m'zigawo zonse khumi za dziko lino. Mayi wa ku Mandevu amene sakupeza tulo chifukwa cha ngongole ndi nkhanza za kunyumba mukamulembera kalata ya kumeneko, kawirikawiri sapita. Ndalama ya basi alibe, komanso dzina la malowo limamuopsa, poti anansi akamva anena kuti wapenga. Kalatayo imangong'ambikira m'chikwama. Anthu ambiri otere angathandizidwe pamene muli inupo.

1. Mapepala ndi lamulo

Apa sindichedwapo. Ngati ndinu clinical officer, chiphaso cha chaka chino cha ku Health Professions Council of Zambia chikhale m'manja. Ngati ndinu nesi, cha ku Nursing and Midwifery Council of Zambia. Kenako werengani Mental Health Act, lamulo nambala 6 la 2019, limene linalowa m'malo mwa Mental Disorders Act ya 1949 ya nthawi ya atsamunda. Lakale lija linkaona wodwala ngati munthu woyenera kutsekeredwa. Latsopanoli limamuona ngati munthu wokhala ndi ufulu wake, wofunika kufunsidwa maganizo pa chithandizo chake ndi kusungiridwa chinsinsi. Ikaninso m'foni buku la mhGAP la World Health Organization. Linatuluka mu 2010, linakonzedwanso mu 2016, ndipo analembera anthu ngati ife amene timagwira ntchito kumalo opanda dokotala wamkulu wa matenda a maganizo. Miyezo ya mankhwala imene nditchule ndi ya m'buku limenelo, koma musanalembere munthu, onaninso malangizo a Unduna wa Zaumoyo amene ali pa kiliniki panu.

2. Chipinda, tsiku lanu, ndi anzanu a pantchito

Pemphani a in-charge chipinda cha chitseko chotsekeka, ngakhale chikhale cha ena m'mawa inu n'kulowamo masana. Katani sikwanira. Munthu sanganene kuti amuna ake amamumenya pamene mnansi wake wakhala pa benchi kuseri kwa nsaluyo. Pachitseko musalembepo "misala" kapena "mental". M'komboni anthu amadziwana, ndipo amene waoneka akulowa pakhomo lolembedwa choncho, pofika madzulo nkhani yake yamveka kale pa mpope wa madzi. Nambala ya chipinda ndi yokwanira. Mipando muiike moti inu ndi wodwala nonse mutha kufika pakhomo popanda wina kutchinga mnzake. Sankhaninso tsiku limodzi pa sabata la odwala obweranso, ndipo musamalisinthesinthe.

Za kuti odwala sakubwera, ali kale m'kiliniki mwanumo. Ali pa mzere wa OPD, ali ku ART kolandirira ma ARV, ali kusikelo ya amayi oyembekezera ndi ya ana, ali kolandirira mankhwala a TB. Pemphani mphindi zochepa pa msonkhano wa m'mawa, muphunzitse anzanu mafunso awiri okha: "Pa masabata awiri apitawa, mwakhala mukumva kukhumudwa kapena kutaya mtima?" ndi "Zinthu zimene zinkakusangalatsani kale, zikukusangalatsanibe?" Amene mayankho ake akudetsa nkhawa aonane nanu tsiku lomwelo, ndipo mnzanuyo amuperekeze mpaka pakhomo panu. Akangomulozera njira, wodwalayo amatulukira pa geti.

Ku pharmacy pitani nokha mukaone pa mashelefu. Funsani mankhwala awa a matenda a maganizo ndi khunyu: amitriptyline, fluoxetine, haloperidol, chlorpromazine, jakisoni wa fluphenazine, benzhexol, carbamazepine, phenobarbitone ndi diazepam. Mankhwala ochokera ku ZAMMSA, bungwe la boma logawa mankhwala m'zipatala, amabwera potsatira zimene kiliniki yaitanitsa, ndipo kiliniki imaitanitsa potengera zolembedwa. Odwala anu mukapanda kuwalemba m'kaundula ndi mu SmartCare, kaundula wa odwala wa pa kompyuta, kwa akuluakulu ndiye kuti kulibe, ndipo mankhwala awo sabwera.

3. Mvetserani mmene anthu amanenera matenda awo

Kupatula achinyamata ena owerenga za pa intaneti, palibe amabwera n'kunena kuti ali ndi depression. Mumva zoti "mtima ukuthamanga", "mutu ukutentha", "thupi lonse likuphwanya", "BP yakwera" pamene makina akuonetsa kuti ili bwino. Munthu amene wabwera mobwerezabwereza m'miyezi yochepa, malungo osapezeka, n'kumangopatsidwa panado, ameneyo ndi wanu.

Mawu ofunika kuwatchera khutu ndi oti "ndikuganiza kwambiri" kapena "ndili ndi maganizo". Nthawi zambiri kuseri kwake kuli kukhumudwa kokhalitsa kapena nkhawa yopitirira muyeso, ndipo mukawabwereza inuyo, wodwala amamasuka. "Misala" ndi "kupenga", kwa anthu ambiri, ndi za munthu woyenda mumsewu atavala zong'ambika. Mukagwiritsa ntchito mawu amenewo kwa mayi wovutika maganizo, sabweranso. "Khunyu", kapena "matenda akugwa", ndi matenda a ubongo, ndipo m'makiliniki athu nthawi zambiri amagwera kwa inu. Mabanja ambiri amakhulupirira kuti khunyu imapatsirana kudzera m'malovu, choncho mwana amadyera m'mbale yakeyake ndipo amasiyitsidwa sukulu. Auzeni momveka kuti siipatsirana. Mumvanso za kulodzedwa, ziwanda ndi mashawe. Funsani kuti, "Inuyo mukuona kuti chayambitsa n'chiyani?" Yankho lake likuuzani kumene apita kale ndi kumene apite akachoka kwa inu.

PHQ-9 ndi pepala lofufuzira kukhumudwa, la mafunso asanu ndi anayi okhudza masabata awiri apitawa, ndipo mapointi ake amachokera pa 0 kufika 27. Kuyambira pa 10 kupita m'mwamba, khalani naye pansi mufufuze bwino. Pepalalo silitchula matenda, limangokuuzani kuti mufunsenso. Musamupatsire munthu kuti adzaze yekha pa benchi. Muwerengereni m'chilankhulo chake. Lusaka muno mukumana ndi olankhula Chibemba, Chitonga kapena Chilozi, ndipo pofuna womasulira tengani mnzanu wa pantchito, osati mwana wa wodwalayo. Kumbukiraninso kuti munthu amene wangoika maliro a mwamuna wake amalira, sadya bwino, sagona. Chimenecho ndi chisoni, ndipo chimafuna abale ndi nthawi. Mumuyang'anire, koma musathamangire mapiritsi.

4. Yezani thupi kaye

Cholakwa chimene chimapha anthu mwachangu ndi ichi: munthu wabwera wosokonezeka, akubwebweta, sakudziwa kumene ali, ndiye wina n'kunena kuti "ndi wa mental" n'kumubaya jakisoni womugonetsa. Kusokonezeka kumene kwayamba mwadzidzidzi, pa maola kapena masiku ochepa, kumakulakula usiku, munthu osadziwa tsiku kapena malo, ndi matenda a m'thupi mpaka mutatsimikiza kuti ayi. Yezani kutentha kwa thupi, shuga, BP ndi malungo. Gwirani khosi muone ngati lauma. Funsani za HIV, poti meningitis ya cryptococcus imayamba ndi mutu wopweteka ndi kusintha kwa khalidwe. Yezani chindoko. Papasani m'mutu muone ngati anavulala. Funsani mankhwala onse amene akumwa: pa ma ARV, efavirenz imabweretsa maloto oipa ndi chizungulire, dolutegravir imasowetsa ena tulo, ndipo isoniazid ya TB nthawi zina imasokoneza mutu. Mayi wa msinkhu wobereka muyezeni mimba musanamulembere chilichonse.

5. Funso la kudzipha

Pano ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa ndi pamene ambiri timalumpha. Pa PHQ-9 funso lomaliza ndi la zimenezi, ndipo ndaonapo mapepala ambiri amene mafunso onse ayankhidwa koma lomalizalo lasiyidwa. Zifukwa zake ndimazimvetsa. Tinakulira m'makomo amene nkhaniyi sitchulidwa, ndipo kutchalitchi imatchedwa tchimo. Ena amaopa kuti akafunsa amuika munthu maganizo amene analibe. Sizili choncho. Kufunsa sikuchititsa munthu kudzipha, ndipo ambiri amapepukidwa mtima akapeza womufotokozera. Mantha enieni ndi akuti akayankha kuti inde, ndichita chiyani pamene panja pali mzere wautali. Mantha amenewo amachepa mukadziwiratu chochita.

Ofunika kuwafunsa ndi aliyense wa zaka 10 kupita m'mwamba amene ali wokhumudwa kwambiri, womwa mowa mopitirira, womva mawu osaoneka mwini wake, wodwala khunyu, kapena wa ululu wosatha. Onjezaniponso amene moyo wawatembenukira posachedwa: wongouzidwa kumene kuti ali ndi HIV, mtsikana wa pasukulu amene wapezeka ndi mimba, mnyamata wolephera mayeso a Grade 12, bambo womira mu kaloba kapena wotaya malipiro onse pa kubetcha, mayi womenyedwa kunyumba.

Choyamba, wodwala akhale yekha. Woperekeza mutulutseni mwaulemu: "Amayi, zikomo kwambiri pobwera naye. Pali mafunso amene ndimafunsa munthu aliyense ali yekha. Dikirani panja pang'ono, ndikuitanani." Mukanena kuti mumatero ndi aliyense, sakhumudwa. Kenako muuzeni wodwalayo malire a chinsinsi musanamufunse: "Zimene tikambirane zithera muno. Koma ndikaona kuti moyo wanu kapena wa munthu wina uli pangozi, tifunika kuuza munthu mmodzi woti atithandize, ndipo timusankha limodzi." Mukabisa zimenezi n'kudzaulula pambuyo pake, sadzakukhulupiriraninso.

Musalumphire pa funsolo. Yambirani pa zimene wakuuzani kale. "Ndi zonse mwandifotokozerazi, pali nthawi imene mumaona ngati moyo ulibenso phindu?" Dikirani. "Munayamba mwalakalaka mutagona osadzukanso?" Dikiraninso. Kenako tchulani mawu enieniwo: "Mwaganizapo zodzipha?" Musazungulire ndi mawu oti "kuchita zoipa" kapena "kudzivulaza", chifukwa munthu akhoza kuyankha moona mtima kuti ayi pamene akuganiza za imfa. Musafunsenso motseka pakamwa, monga "Simukuganiza zodzipha, eti?" Funso lotero limamuuza yankho limene mukufuna kumva. Mukafunsa, ikani cholembera pansi, siyani kompyuta, khalani chete. Chete ameneyo amakhala wolemera, ndipo mtima umafuna kumudula ndi mawu olimbikitsa. Pirirani. Ambiri amayankha patapita kanthawi, akuyang'ana pansi.

Akati inde, mawu anu oyamba ndi amene amasankha ngati apitiriza kulankhula. Musanene kuti ndi tchimo. Musanene kuti "ganizirani ana anu", poti wawaganizira kale usiku wonse, ndipo mwina wafika pokhulupirira kuti anawo zinthu ziwayendera bwino iye kulibe. Musanene kuti ena akuvutika kuposa iye. Nenani mawu ochepa: "Zikomo pondiuza. Mwasenza zolemera nokha nthawi yaitali. Tiyeni tione chochita limodzi." Musamulumbiritse kuti sadzachita. Lonjezo lotero limatonthoza inu, iye silimuteteza.

Tsopano funsani modekha. Maganizowa anayamba liti, ndipo amabwera kangati? Alipo lero? Waganizira njira yake, ndipo chinthucho chili kunyumba? Waika tsiku, kapena wayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzikana ndi anthu? Anayesapo kale? Funso limeneli musaliiwale, chifukwa munthu amene anayesapo ali pangozi yaikulu kuposa ena. Akumwa mowa? Pomaliza mufunseni chimene chamuletsa mpaka lero. Yankho lake, kaya ndi mwana wamng'ono, kaya ambuya ake, kaya chikhulupiriro, ndi pamene mumangire zonse zotsatira. Kusiyana kwake ndi kumuuza kuti "ganizirani ana anu" n'kwakuti apa watchula yekha.

Ngati wamwa kale chinthu choopsa, zokambirana zidikire. Ameneyo ndi wodwala mwakayakaya, ndipo apite kuchipatala chachikulu ngakhale akuoneka bwino, chifukwa zina zimawononga m'thupi patapita maola. Ngati ali ndi njira ndi cholinga lero, kapena wabalalika kwambiri, kapena wasiya kulankhula, musamusiye yekha ngakhale popita kukatenga fayilo. Itanani mnzanu akhale naye, muimbire dokotala kapena a ku Chainama, ndipo apite ndi womuperekeza, osati yekha pa basi ndi kalata m'manja.

Ambiri sali pamenepo. Maganizo ali nawo koma sanakonze kalikonse, ndipo angabwerere kunyumba mukachita zinthu zingapo asanatuluke. Asankhe yekha munthu woti adziwe. Musangoganiza kuti ndi amene wamuperekeza, chifukwa nthawi zina woperekezayo ndi amene akumuzunza. Munthu wosankhidwayo muitaneni kapena mumuimbire wodwala ali pomwepo, ndipo mumupatse ntchito yomveka: agone naye nyumba imodzi masiku amenewa, achotse m'nyumba mankhwala a makoswe, a m'dimba ndi mapiritsi onse osungidwa. Ichi chimaoneka chaching'ono koma chimapulumutsa, poti nthawi imene munthu amafika pochitadi imakhala yaifupi, ndipo chinthucho chikakhala patali, nthawiyo imadutsa. Ngati mukulemba mankhwala, fluoxetine ndi yabwinopo kuposa amitriptyline, imene ndi yoopsa ikamwedwa yambiri. Ngati pali amitriptyline yokha, perekani ya sabata imodzi ndipo asunge wachibale.

Lembani limodzi kapepala, ndi dzanja lake kapena m'foni mwake: zizindikiro zoti zinthu zikuipa, chimene achite yekha kuti mtima utsike, anthu awiri amene angawaimbire, ndi kumene angapite usiku kiliniki itatseka. Onjezanipo manambala aulere a Lifeline Childline Zambia, 933 ya akuluakulu ndi 116 ya ana. Muimbireni mawa lake, ndipo abwerenso sabata isanathe. Miyezi iwiri yoyambirira muzionana naye pafupipafupi. Funsani kuti foniyo ndi ya ndani komanso nthawi yabwino yoimbira, chifukwa amayi ambiri amakupatsani nambala ya amuna awo. Nyumba za m'komboni sizipezeka ndi nambala, choncho lembani chizindikiro: tchalitchi chapafupi, msika, chigayo, dzina limene amadziwika nalo, monga make Chisomo. Akapanda kubwera, wodzipereka wa m'dera amene wodwalayo anamuvomereza apite akamuone.

Ngati muzu wa zonsezi ndi nkhanza, mudziwe njira ya ku One Stop Centre, kumene amathandiza ochitidwa nkhanza, ndi ku Victim Support Unit ya apolisi. Wamkulu asankhe yekha ngati akufuna kupita, koma mwana wochitidwa nkhanza muyenera kumutengera kwa oyenera. Wogwiriridwa alandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV, maola 72 asanathe.

6. Chithandizo: kulankhulana, kenako mapiritsi

Wokhumudwa pang'ono safuna mapiritsi. Mufotokozereni kuti vuto lake ndi lodziwika, si ulesi kapena kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo limatha. Sankhani naye vuto limodzi mwa ambiri amene ali nawo, muliganizire limodzi, achoke ndi chinthu chimodzi choti akachite sabata imeneyo. Abwerere ku zimene anasiya, kaya kwaya, kaya chilimba cha amayi kumsika, kaya mpira. Musaone ngati zimenezi ndi zochepa. Njira ya uphungu yotchedwa CETA inayesedwa m'makomboni a mu Lusaka muno ndi akatswiri a ku Johns Hopkins University pamodzi ndi anzawo akuno, ndipo aphungu wamba ophunzitsidwa bwino anachepetsa nkhanza za m'banja ndi kumwa mowa mopitirira. Aphungu a ku ART amene muli nawo pa kiliniki ndi anzanu pa ntchito imeneyi.

Wokhumudwa kwambiri, amene walephera kugwira ntchito kapena kusamala ana, muonjezereni mankhwala. Koma funsani kaye iye ndi abale ngati panakhalapo nthawi imene sankagona koma osatopa, akulankhula kosalekeza, akumwaza ndalama, akudziona ngati munthu wamkulu kwambiri. Ngati zinachitikapo, fluoxetine kapena amitriptyline payokha ikhoza kuzidzutsa, ndiye funsani kaye akuluakulu. Fluoxetine imayambira pa 10 mg sabata yoyamba, kenako 20 mg m'mawa. Amitriptyline imayambira pa 25 mg usiku n'kumakwezedwa pang'onopang'ono, ndipo siyoyenera wodwala mtima. Mwana wosakwana zaka 12 musamupatse mankhwala amenewa. Muuzeni wodwala kuti kusintha kumaoneka patapita masabata angapo, apo ayi asiya pa tsiku lachisanu n'kunena kuti sakugwira. Akapeza bwino apitirize miyezi 9 mpaka 12. Diazepam wa tulo wolembedwa mwezi ndi mwezi ndi msampha, munthu amazolowera n'kulephera kusiya.

Chimodzi chimene chimaiwalika kawirikawiri: carbamazepine ndi phenobarbitone zimachepetsa mphamvu ya dolutegravir amene ali mu TLD (piritsi la ma ARV), komanso ya mapiritsi olera ndi kolera ka pamkono. Wodwala khunyu amene ali pa ma ARV musamulembere musanakambirane ndi a ku ART. Sodium valproate ipeweni kwa mtsikana kapena mayi amene angatenge mimba, chifukwa imavulaza mwana m'mimba.

7. Wobwera atamangidwa, ndi wa mowa

Tsiku lina adzabwera naye abale, manja omangidwa ndi chitenje, khamu likutsatira. Balalitsani khamulo, mutsale ndi wachibale mmodzi amene wodwala amamumvera. Muitaneni ndi dzina lake, mwaulemu woyenera msinkhu wake, kaya atate, kaya amayi. Lankhulani motsitsa mawu, mupatseni madzi, ndipo mumasuleni mukangoona kuti n'zotheka. Bwererani ku sitepe 4 musanachite china. Mupempheni kumwa piritsi musanaganize za jakisoni. Haloperidol imayambira pa 1.5 mpaka 3 mg pa tsiku. Chenjezani abale kuti khosi likhoza kupindika, maso kutembenukira m'mwamba, lilime kutuluka. Mukapanda kuwauza, adzati ndi ziwanda n'kutaya mankhwala onse, pamene benzhexol ikanathetsa vutolo. Koma benzhexol, imene ambiri amaidziwa kuti Artane, musaipereke kwa aliyense mwachizolowezi, chifukwa ena amaifuna kuti aledzere nayo. Wodwala akatentha thupi, kuuma minofu ndi kusokonezeka ali pa mankhwala amenewa, asiye pomwepo ndipo apite kuchipatala chachikulu. Chimodzimodzi mayi amene wasokonezeka atangobereka kumene: apite lero, ndipo khanda likhale ndi womuyang'anira.

Za abusa ndi asing'anga musalimbane nazo, simungapambane, ndipo banja lingokubisirani. Gwirizanani pa zinthu zitatu: mapemphero apitirire koma mankhwala asasiyidwe, wodwala asamangidwe unyolo, ndipo asakakamizidwe kusala kudya.

Mowa funsani aliyense, amayi omwe. Tujilijili, timapaketi ta mowa waukali, tinaletsedwa mu 2012, koma kachasu ndi mowa wina waukali wotchipa zikadali paliponse. Pa mafunso khumi a AUDIT, pepala lofufuzira kamwedwe ka mowa, mapointi 8 kupita m'mwamba akusonyeza kumwa koika moyo pangozi. Womwa tsiku lililonse musamuuze kuti asiye lero lomwe popanda chithandizo. Amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta tsiku loyamba, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu akhoza kukomoka kapena kuona zinthu zimene palibe. Amafunika diazepam ya masiku ochepa yotsitsidwa pang'onopang'ono pamodzi ndi thiamine, ndipo amene anakomokapo kale posiya mowa agonekedwe m'chipatala. Achinyamata afunseninso za chamba ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, makolo ali panja.

8. Kutumiza ndi kulandiranso

Tumizani amene ali pangozi yodzipha lero, amene thupi lake likudwala kwambiri, mayi woyembekezera kapena wongobereka amene wasokonezeka, mwana wa vuto lalikulu, ndi amene sakusintha mutayesa mankhwala pa muyeso wokwanira ndi nthawi yokwanira. Kalata yolembedwa "for further management" basi siithandiza munthu. Lembani zimene mwaona, zimene mwayeza ndi zotsatira zake, mankhwala amene mwapereka ndi nthawi yake, za HIV ndi mimba, yankho lake pa funso la kudzipha, ndi nambala yanu. Imbani foni asananyamuke.

Akatuluka ku Chainama amabwerera kwa inu, ndipo masabata oyamba atatuluka ndi oopsa. Uzani abale abwere naye sabata yomweyo ndi kalata yotulukira. Amene ali pa jakisoni wa fluphenazine, amene amabayidwa pakapita masabata awiri mpaka anayi, akhale ndi tsamba lake m'kaundula lolembedwa tsiku la jakisoni wotsatira. Lachisanu lililonse tsegulani kaundulayo muone amene sanabwere, muwaimbire, ndipo mayina a osapezeka pa foni muwapereke kwa odzipereka a m'dera lawo.

Inunso mupeze munthu wodziwa ntchitoyi kuposa inu, kaya mphunzitsi wanu wakale kapena mnzanu wa pachipatala chachikulu, woti muzikambirana naye odwala ovuta kamodzi pa mwezi popanda kutchula mayina awo. Wodwala wanu akamwalira podzipha, zimene zimachitika ngakhale mutachita zonse bwino, muimbireni munthu ameneyo tsiku lomwelo, ndipo muuze a in-charge kuti odwala otsala a tsikulo awaone wina.